Uthenga Ukasokonekera M'chiwindi: Mmene Khansa Imayambira ndi Kukulira

 

Inu amene mwagwirapo ntchito m'wodi ya abambo mukumudziwa wodwala amene ndikufuna tikambe za iye. Ndi bambo wa zaka za m'ma 30 kapena 40, ana ake akadali ku pulayimale. Mimba yatupa, manja aonda, maso achita chikasu, ndipo mukagwira kumanja pansi pa nthiti mumakumana ndi chinthu cholimba chamabampu. Achibale amati wangodwala miyezi iwiri yokha. Akunena zoona monga mwa zomwe anaona, koma matendawo anayamba kalekale, mwina iye akuyamwa. Kafukufuku wa m'zipatala za maiko angapo a mu Africa amene anasindikizidwa mu 2017 anapeza kuti, kupatula ku Egypt, theka la odwala khansa ya m'chiwindi linali lisanapitirire zaka 46, ndipo theka linamwalira pasanathe miyezi itatu chiwapezereni matenda. Padziko lonse, m'chaka cha 2020 khansayi inapezeka mwa anthu oposa 900,000 ndipo inapha anthu pafupifupi 830,000. Taonani kuyandikana kwa manambala awiriwo.

Funso langa ndi ili: m'zaka zonse zimene munthuyo ankalima, kukwatira ndi kubereka ali bwinobwino, m'chiwindi mwake munkachitika chiyani? Yankho limene ndabwera nalo ndi lakuti khansa ndi matenda a uthenga. Maselo a thupi amakhala potumizirana mauthenga, ndipo khansa imabadwa uthenga ukasokonekera. Ndili ndi mfundo zisanu. Yoyamba, mmene selo limamvera uthenga. Yachiwiri, bala losapola. Yachitatu, mlonda wotchedwa p53 ndi chuku, ndipo pamenepa ndichedwapo chifukwa ndi nkhani ya m'nkhokwe zathu. Yachinayi, mauthenga amene amakulitsa chotupa chikangobadwa. Yachisanu, zimene mankhwala atha ndi zimene alephera.

Mfundo yoyamba: selo limamva uthenga.

Ganizani za mudzi. Mfumu ikafuna anthu ku chitukuko imatuma mthenga. Mthenga salowa m'nyumba. Amaima pakhomo n'kuodira. Wapakhomo amalandira mawuwo, n'kuuza wa m'kati, wa m'kati n'kukauza mwini nyumba amene ali kuchipinda. Ntchito ikatha pamabweranso mawu akuti bwererani kwanu. M'thupi ndi momwemo. Mthenga ndi puloteni yoyenda m'magazi kapena yochokera ku selo loyandikana nalo. Pakhungu la selo pali mapuloteni olandira uthenga. Akaulandira amaupatsira puloteni ina ya m'kati, imeneyo n'kupatsira inzake, ndipo kawirikawiri kupatsirako kumachitika pomata kachidutswa ka fosifeti pa puloteni yotsatira. Mapuloteni ogwira ntchito yomatayi amatchedwa makinezi. Sungani dzinali, tikumana nalo pokamba za mankhwala. Uthenga umathera kuchipinda cha pakati pa selo kumene kuli DNA, buku la malangizo la zilembo pafupifupi 3 biliyoni, lolembedwa ndi zilembo za mitundu inayi yokha: A, C, G ndi T. Ndime za m'bukumo ndizo majini, ndipo jini iliyonse ndi malangizo opangira puloteni yakeyake.

Mauthenga ndi ochuluka, koma aakulu pa nkhani yathu ndi atatu: gawikana, ima, ifa. Inde, ifa. Selo lowonongeka kwambiri limalamulidwa kudzipha mwadongosolo, ndipo limamvera.

Chiwindi chili ndi luso limene ziwalo zina zilibe. M'chaka cha 1931, Higgins ndi Anderson ku America anadula magawo awiri mwa atatu a chiwindi cha khoswe, ndipo pasanathe masabata awiri chotsalacho chinali chitakula kufika pa kulemera kwake kwakale. Munthu amatha kupereka gawo la chiwindi chake kwa mbale wake, onse awiri n'kukhala moyo. Maselo a chiwindi amakhala phee, osagawikana, koma mthenga wotchedwa HGF akaodira pakhomo lotchedwa MET amadzuka n'kuyamba kuswana. Chodabwitsa koposa ndi chakuti amadziwa polekera. Pali njira ya uthenga yotchedwa Hippo imene imagwira puloteni YAP kuti isalowe kuchipinda chiwindi chikakwana. Mu 2007 akatswiri ataimasula YAP m'mbewa za m'labotale, ziwindi zinakula kangapo kuposa msinkhu wake, ndipo zitasiyidwa choncho zinabala khansa. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Chiwalo chodziwa kumeranso ndicho chiwalo chokhala ndi misewu yonse ya uthenga wakuti gawikana, yolambulidwa kale, yongodikira wosokoneza.

Mfundo yachiwiri: bala losapola.

Khansa ya m'chiwindi sikonda kumera pa chiwindi chabwinobwino. Imamera pa chiwindi chimene chakhala chikuvulala ndi kupola, kuvulala ndi kupola, kwa zaka 20 kapena 30. Ovulaza ake mukuwadziwa: kachilombo ka hepatitis B, kachilombo ka hepatitis C, mowa, makamaka kachasu wa tsiku ndi tsiku, ndiponso mafuta odzaza m'chiwindi mwa anthu onenepa kwambiri ndi a matenda a shuga. Kuno kwathu kum'mwera kwa Sahara wamkulu wa onsewa ndi hepatitis B. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni padziko lonse ankakhala ndi kachilomboka. Munthu wamkulu akakatenga, kawirikawiri thupi lake limakachotsa lokha. Khanda likakatenga, makanda 9 mwa 10 amakhala nako mpaka kalekale. N'chifukwa chake ndinati matenda a bambo uja mwina anayamba iye akuyamwa.

Kachilomboka pakokha sikapha maselo ambiri. Amene amapha ndi asilikali a thupi lathu lomwe, posaka maselo amene kabisalamo. Selo likafa, maselo otola zinyalala m'chiwindi, otchedwa a Kupffer, amatulutsa mthenga IL-6. Iye amadzutsa puloteni STAT3 m'maselo otsala, ndipo STAT3 amakanena kuchipinda kuti: usafe, gawikana, tseka mpata. Ndi uthenga wabwino ukamveka sabata imodzi. Ukamveka zaka 30 ndi tsoka, pakuti kugawikana kulikonse n'kukopera zilembo 3 biliyoni, ndipo wokopera amaphonya. Komanso pamalo potupa pamakhala timankhwala taukali ta okosijeni timene timawononga DNA. Mu 2007 gulu la Michael Karin ku California linaonetsa kuti m'mbewa zazikazi mahomoni a estrogen amachepetsa IL-6, ndipo akatswiri amaganiza kuti chimenechi n'chimodzi mwa zifukwa zimene khansayi imagwirira amuna kawiri kapena katatu kuposa akazi. Abambo, musathawire pamenepo. Botolo nalonso lili ndi mlandu wake.

Pali mthenga wina, TGF-beta, amene amadzutsa maselo osunga vitamini A m'chiwindi kuti ayambe kuluka ulusi wa zipsera. Zipsera zikachuluka chiwindi chimalimba, chimanyala, n'kuchita timabampu; ndiye cirrhosis imene mumaiona pa sikani. M'timabampu timeneti maselo amakhala atatopa ndi kugawikana. Kunsonga kwa chingwe chilichonse cha DNA kuli kachigawo kotchedwa telomere kamene kamafupika selo likagawikana, ndipo kakatha selo limakalamba n'kuleka kuswana. Chimenechi n'chitetezo: selo lokalamba silingakhale khansa. Koma m'buku muja muli jini yotchedwa TERT, yopanga puloteni yotalikitsanso nsongazo. Mwa munthu wamkulu, m'maselo ambiri a chiwindi jiniyi imakhala yotseka. Chilembo chimodzi chikasintha pa malo oitsegulira, selo limapeza moyo wosakalamba. Gulu la Jessica Zucman-Rossi ku Paris linaonetsa mu 2013 kuti kusintha kumeneku kumapezeka m'zotupa pafupifupi 6 mwa 10 za khansa ya m'chiwindi, ndiponso kuti kumapezeka m'timabampu tina timene tisanasanduke khansa. Ndiye kuti ndi khomo loyamba.

Hepatitis B ali ndi chinyengo china chimene hepatitis C ndi mowa alibe. Iye ndi kachilombo ka DNA, ndipo zidutswa za DNA yake zimatha kudzisokerera m'buku lathu. Limodzi mwa malo amene zimapezeka kawirikawiri ndi pafupi ndi TERT yemweyo, ndipo zikakhala pamenepo zimamutsegula. Ndicho chifukwa chake munthu wa hepatitis B angadwale khansa chiwindi chake chisanafike pa cirrhosis, ali mnyamata. Ku Taiwan, Palmer Beasley anatsatira amuna oposa 22,000 ndipo mu 1981 analengeza kuti okhala ndi kachilomboka ankadwala khansa ya m'chiwindi kuwirikiza kuposa ka 100 poyerekeza ndi opanda. Mu zaumoyo, manambala otere ndi osowa.

Mfundo yachitatu: mlonda p53 ndi chuku.

Mungafunse kuti, kodi zolakwika zikamachuluka chonchi m'buku, palibe woyang'anira? Alipo. Dzina lake ndi p53, puloteni imene inapezeka mu 1979 ndipo kwa zaka pafupifupi khumi akatswiri ankaiyesa yoyambitsa khansa, pamene ndiyo yoletsa. DNA ikawonongeka, p53 amachuluka m'selo, amagwira DNA pamalo ake oyenera, n'kulamula kuti kugawikana kuime mpaka pokonzedwa pakonzedwe. Kukakanika kukonza, iye ndi amene amapereka lamulo lija lakuti ifa. Selo lokhala ndi p53 wamoyo silipita patali ndi kupanduka kwake. Selo limene p53 wake walumala limagawikana ndi zolakwika zake zonse, ana ake n'kuonjezerapo zina. M'zotupa za m'chiwindi padziko lonse, pafupifupi chimodzi mwa zitatu chimakhala ndi p53 wolumala. Kumadera a chuku nambala imakwera.

Alangizi a zaulimi, apa nkhani yafika kwanu. Mu 1960 ku England nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ndi matenda osadziwika. Atafufuza anapeza kuti zinadya chakudya chokhala ndi ufa wa mtedza wochokera ku Brazil, ndipo mu ufawo munali poizoni wopangidwa ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus. Poizoniyo anamutcha aflatoxin. Ndi chuku chomwechi chimene chimagwira mtedza ndi chimanga chathu chikavutika ndi ng'amba m'munda, chikabooledwa ndi tizilombo, kapena chikasungidwa chisanaume. Mu 2004 ku Kenya, m'maboma a Makueni ndi Kitui ndi oyandikana nawo, anthu 125 anafa atadya chimanga chodzaza ndi poizoniyu. Imeneyo inali imfa yachangu, yoonekera. Imene ikutikhudza lero ndi ya pang'onopang'ono, ya kachuku kochepa m'nsima ndi m'nsinjiro chaka ndi chaka.

Tamverani mmene zimachitikira, chifukwa m'menemu muli chomvetsa chisoni. Aflatoxin akamalowa m'thupi sakhala woopsa kwenikweni kwa DNA. Magazi ochokera m'matumbo amadzera m'chiwindi, ndipo ntchito ya chiwindi ndi kusukulutsa ziphe. Mapuloteni ake otchedwa cytochrome P450 amamugwira kuti amusinthe atuluke m'thupi. Pomusinthapo, gawo lina limasanduka kanthu kaukali kwambiri kamene kamakamatira pa chilembo G m'DNA. Selo pokopera limawerenga molakwa, pamalo pa G n'kulemba T. Chiwindi chimadzipweteka ndi khama lake lomwe.

Tsopano p53 ndi mkanda wa timikanda 393, ndipo kamkanda kalikonse kamalembedwa ndi zilembo zitatu. Pa kamkanda ka nambala 249 palembedwa AGG. Chuku chikadutsapo pamakhala AGT. Chilembo chimodzi, amayi ndi abambo, chimodzi chokha mwa 3 biliyoni. Kamkanda kotchedwa arginine kamalowedwa m'malo ndi serine, gawo la p53 logwirira DNA limapindika, ndipo mlonda amatsala ali chiimire pakhomo koma sangathenso kulamula kanthu.

Zimenezi zinadziwika mu 1991, pamene magulu awiri analengeza zotsatira zawo m'magazini ya Nature nthawi imodzi. Gulu lina linapima zotupa 16 za ku Qidong m'dziko la China, n'kupeza 8 zili ndi vuto pa 249 pomwepo. Gulu linalo, la Mehmet Ozturk pamodzi ndi Michael Kew wa ku Johannesburg, linapeza chimodzimodzi m'zotupa za kuno kum'mwera kwa Africa. Madokotala a ku South Africa anali ataona kwa zaka zambiri kuti amuna ochokera kum'mwera kwa Mozambique, obwera kudzagwira ntchito m'migodi ya golide, ankadwala khansayi ali aang'ono modabwitsa, ndipo dera la Inhambane linadziwika kuti ndi limodzi mwa madera amene khansayi inali yochuluka koposa padziko. Kafukufuku wotsatira anapeza chizindikiro cha 249 m'pafupifupi theka la zotupa za odwala a ku Mozambique. Ku Ulaya ndi ku America, kumene chakudya chimapimidwa, chizindikirochi n'chosowa. Anthu a mitundu yosiyana, a zilankhulo zosiyana, otalikirana makilomita masauzande, koma chilembo chowonongeka n'chimodzi. Mwa sayansi yonse ya khansa, pali nkhani zochepa zimene poizoni anasiya chidindo chake momveka chonchi, ndipo mbali yaikulu ya umboniwo inachokera kwa anansi athu, odya chimanga ndi mtedza monga ife.

Choopsa kwambiri ndi pamene chuku chakumana ndi hepatitis B m'chiwindi chimodzi. Ku Shanghai anatsatira amuna oposa 18,000. Amene mkodzo wawo unaonetsa aflatoxin koma alibe kachilombo, chiopsezo chawo chinakwera pafupifupi katatu. Amene anali ndi kachilombo kokha, pafupifupi kasanu n'kawiri. Amene anali ndi zonse ziwiri, pafupifupi ka 60. Sikuphatikiza uku, n'kuchulukitsa. Kachilombo kakukuwa kuti gawikana, chuku chalemaza amene akanati ima. Mutu umodzi susenza denga, ndipo zikuoneka kuti nawonso adani athu mwambiwu amaudziwa.

Ndiloleni ndinenepo za khalidwe limene limandiwawa. Mtedza wabwino timausankha n'kupita nawo kumsika. Wonyala, wosweka, wakuda, timati usatayike, tisinja nsinjiro, ana adyere phala. Ena pofuna kuti makoko afewe posenda amauwaza madzi, n'kuuika m'thumba ukadali wachinyezi. Ndipo tisadzinamize kuti moto uthetsa: aflatoxin safa ndi kuphika, ndipo kukazinga kumangomuchepetsa. Mtedza ungaoneke woyera koma uli naye, pajatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Sindikunyoza mayi wosauka amene alibe china chopatsa mwana. Ndikunena kuti gawo la zokolola limene lili ndi poizoni wambiri ndilo limathera m'mimba mwa wamng'ono koposa pabanja, amene chiwindi chake chili ndi zaka zambiri kutsogolo zoti zolakwika ziunjikane.

Mfundo yachinayi: mauthenga amene amakulitsa chotupa.

Selo lapeza moyo wosakalamba, mlonda walumala. Chotsala n'kukula, ndipo apa ndidutsa mothamangirako chifukwa maina ndi ambiri.

Njira imene muyenera kuidziwa bwino ndi ya Wnt. M'selo muli puloteni beta-catenin imene imapangidwa nthawi zonse ndi kuphwanyidwa nthawi zonse. Kagulu ka mapuloteni, kuphatikizapo APC ndi AXIN, kamaigwira, n'kuimata chizindikiro choti ikatayidwe. Mthenga Wnt akaodira, kaguluka kamaleka, beta-catenin amachuluka, amalowa kuchipinda n'kutsegula majini a kukula. Mu 1998 zinapezeka kuti m'zotupa zambiri za m'chiwindi beta-catenin amakhala atasintha pamalo pomwe pamamatidwa chizindikiro chija. Sangatayidwenso. Amakhala kuchipinda usana ndi usiku akunena uthenga umene palibe anamutuma. Zimenezi zimapezeka pafupifupi m'chotupa chimodzi mwa zitatu, kawirikawiri mwa odwala a mowa, ndipo n'zachilendo kupeza chotupa chokhala ndi vutoli pamodzi ndi la p53. Choncho odwala awiri ogona mabedi oyandikana, dzina la matenda limodzi, angakhale ndi matenda awiri osiyana m'kati mwa maselo. Zotupa za p53, zimene zimachuluka kumadera a hepatitis B ndi chuku, zimakonda kukhala zaukali ndi zothamanga.

Palinso njira ziwiri zochokera pamakomo a amithenga a kukula monga EGF, FGF19 ndi HGF uja. Ina imadzera pa RAS, RAF, MEK ndi ERK n'kulamula kugawikana. Ina imadzera pa PI3K, AKT ndi mTOR n'kulamula selo kudya, kunenepa ndi kukana kufa. M'khansa ya kapamba ndi ya m'matumbo RAS mwiniyo ndi amene amasintha. M'chiwindi izi n'zosowa. Njirazo zimangokhala zotseguka chifukwa amithenga achuluka kapena oletsa achotsedwa. Njira ziwirizi zimalumikizana, kotero kuti mukatseka ina uthenga umalambalala n'kudzera kwina.

Chotupa chikaposa mamilimita ochepa chimayamba kubanika, pakati pake posafika mpweya. Judah Folkman ananena mu 1971 kuti chotupa sichingakule popanda kudziitanira mitsempha ya magazi, ndipo ambiri sanamukhulupirire. Lero tikudziwa kuti selo losowa okosijeni limasunga puloteni HIF, imene imatsegula jini ya mthenga VEGF, ndipo VEGF amaitana mitsempha kuti imerere kuchotupa. Chiwindi chabwino chimalandira pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magazi ake kuchokera ku mtsempha wa portal, wochokera m'matumbo. Chotupa chimakana magazi amenewo n'kudzikokera a mtsempha wochokera kumtima. N'chifukwa chake pa sikani ya CT chimawala msanga mankhwala akangobayidwa, kenako n'kuzilala, ndipo m'chiwindi cha cirrhosis dokotala angachizindikire ndi maonekedwe amenewa osadula kanyama. N'chifukwa chakenso kumene kuli zipangizo amalowetsa kapaipi mumtsempha n'kutseka nthambi yodyetsa chotupa.

TGF-beta uja ndi wa nkhope ziwiri. Poyamba amaletsa maselo a chiwindi kugawikana. Chotupa chikakhwima chimagontha ku chiletsocho koma n'kumvabe mbali ina ya uthenga wake, imene imachititsa maselo kumasuka kwa anzawo ndi kuyamba kuyenda. Amaboola khoma la mtsempha wa portal n'kumera m'kati mwake. Magazi amasowa podzera, madzi amadzaza m'mimba, mitsempha ya kum'mero imatupa, ndipo wodwala amasanza magazi. Zimene mumaona m'wodi zija ndi mapeto a mauthenga amenewa.

Nanga asilikali a thupi ali kuti? Pa asilikali otchedwa maselo a T pali khomo lotchedwa PD-1, limene ntchito yake ndi kuwauza kuti basi, nkhondo yakwana. Chotupa ndi maselo ochizungulira amavala PD-L1, wogogoda pakhomo limenelo, ndipo msilikali amafika n'kufooka. Chiwindi mwachibadwa n'chololera alendo, popeza tsiku lililonse chimalandira zochokera m'matumbo. Chotupa chimangodyerera ulemu umenewo.

Mfundo yachisanu: zimene mankhwala atha ndi zimene alephera.

Munthu akamva zonsezi amaganiza kuti, poti njira tazidziwa, tingozitseka. Mbiri yake ndi yodzichepetsa. Mankhwala akale a khansa sanathandize kwenikweni pa chiwindi. Woyamba kuonetsa phindu anali sorafenib, wotseka makinezi angapo kuphatikizapo RAF ndi khomo la VEGF, amene anavomerezedwa mu 2007. Pa kafukufuku wa odwala 602, omwa mankhwalawa anakhala moyo miyezi 10.7 poyerekeza ndi 7.9 ya osamwa. Miyezi yosakwana itatu, ndipo dziko la madokotala linaombera m'manja, chifukwa kale panalibe kanthu. Kenako panadutsa zaka pafupifupi khumi za kulephera: everolimus wotseka mTOR analephera, tivantinib wolunjika pa MET analephera, ena angapo chimodzimodzi. Regorafenib, lenvatinib ndi cabozantinib anabwera pambuyo pake ndi phindu lapang'ono. Mu 2020 kuphatikiza atezolizumab, wotseka PD-L1, ndi bevacizumab, wogwira VEGF, kunaposa sorafenib: miyezi 19 poyerekeza ndi 13.

Kupita patsogolo kulipo, sindikukana. Koma taonani chinthu ichi. Mauthenga atatu amene amasokonekera kawirikawiri m'khansayi ndi TERT, p53 ndi beta-catenin. Mankhwala onse amene ndatchulawa palibe amene amakonza atatuwa. Amamenya mitsempha yodyetsa chotupa, amadzutsa asilikali, amatseka njira za m'mbali. Kutseka puloteni yochita mopitirira n'kotheka. Kudzutsa mlonda wolumala ndi ntchito ina. Ndipo mankhwalawa amafuna wodwala amene chiwindi chake chikugwirabe ntchito, pamene athu ambiri amafika chitatha. Za mtengo wake sindinena, mukudziwa nokha thumba la chipatala cha boma. Chimene chimachiritsa ndi kudula chotupa, kuchiwotcha ndi singano, kapena kuika chiwindi china, ndipo zonsezi zimatheka chotupa chikadali chaching'ono.

Chigamulo changa ndi ichi: sayansi ya mauthengayi, ngakhale inachitikira m'malabotale a ku Paris ndi California, ikuloza chala kusikelo ya ana ndi kunkhokwe. Uthenga ukasokonekera pa 249 sitingaukonze. Tingathe kuletsa kuti usasokonekere. Umboni ulipo. Taiwan inayamba kutemera makanda mu 1984, ndipo lipoti la 1997 linaonetsa kuti khansa ya m'chiwindi mwa ana inali itatsika pafupifupi ndi theka. Ku Qidong kuja, anthu atasiya kudalira chimanga n'kuyamba kudya mpunga m'zaka za m'ma 1980, aflatoxin m'magazi mwawo anatsika kwambiri ndipo imfa za khansayi zinatsika nazo, ngakhale mwa anthu amene sanalandire katemera. Sindikuti tisiye nsima. Ku Guinea, mu 2005, analengeza kuti kungosankha mtedza ndi manja, kuuyanika pamphasa mpaka uume, ndi kuusunga m'matumba a ulusi oikidwa pathandala, kunachepetsa poizoni m'magazi a anthu a m'midzi ndi kuposa theka.

Kuno ku Malawi katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya ana mu 2002, m'jakisoni uja wa matenda asanu wa pa masabata 6, 10 ndi 14. Tanthauzo lake n'lakuti amene munabadwa chaka chimenecho chisanafike, ndi ine ndemwe, simunamulandire kusikelo. Tanthauzo lina n'lakuti khanda lobadwa kwa mayi wa kachilomboka likadikira masabata 6 limakhala litachedwa. WHO imalangiza katemera woyamba pasanathe maola 24 chibadwireni. Azamba, mayi woyembekezera amene mukumuyeza HIV ndi chindoko, muyezeninso hepatitis B. Mankhwala a tenofovir, omwe ali kale m'mapiritsi a ma ARV amene timagawa, amapondereza kachilomboka ndi kuchepetsa chiopsezo cha khansa. Ndipo chifukwa cha chomwecho, wodwala wa HIV amene alinso ndi hepatitis B akasiya mankhwala mwadzidzidzi chiwindi chake chingatupe moopsa. Mukam'funsa chifukwa chimene wasiyira kumwa, muuzeninso zimenezi. Hepatitis C tsopano amachizika ndi mapiritsi a masabata 8 mpaka 12 mwa anthu oposa 95 pa 100 alionse. Ndipo munthu wa cirrhosis, kapena wa hepatitis B amene ali pachiopsezo, ayenera kuunikidwa pamimba ndi sikani miyezi 6 iliyonse, akadali wamphamvu, asanamve kupweteka kulikonse.

Ophunzira, maina awa a TERT ndi STAT3 muwaloweze, adzabwera pamayeso. Koma pempho langa kwa aliyense m'chipinda muno ndi laling'ono kuposa pamenepo. Ngati simunayezetsepo hepatitis B, kayezetseni mwezi uno. Ndi kadontho ka magazi a pachala, ndipo zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo. Mukapezeka nako, tengani akunyumba kwanu, ana anu ndi abale anu a bere limodzi akayezetsenso.